Tayala lakumbuyo la achimwene

Amayi, kodi kumeneko mukugona bwanji? Ife kuno ku Joni tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatilowa m'mafupa. Ntchito yanga ya m'nyumba ku Randburg ikadalipo, ndipo ndikadagona ku Hillbrow komwe kuja.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Khirise wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Pachithunzi chimene wanditumizira, kamwanako kakwinya nkhope mmene munkachitira mukamva bodza. Kachewere wa kudimba kwanu wachita bwino, chimanga ndiye ayi, feteleza anachedwa. Amalume akuti njerwa zapsa, simenti ilipo, chiliza chanu tidzamanga Loweruka lachiwiri la Okutobala. Chatsala n'chimodzi, mwana wanu woyamba, achimwene a Laisoni. Amalume anenetsa kuti njerwa yoyamba saika munthu wina. Chaka chatha tinawadikira mpaka mvula inagwa, mtumbira wanu n'kuyamba kutitimira. Ndikaganiza zoti madzi akulowa pamene mwagonapo, nsima imandikanika.

Ndiye mufunsa kuti akutani mwana wanuyo. Amayi, akutchova njinga. Musaganize za ija munawagulira mutagulitsa mbuzi zanu, imene ankachitira kabaza ku Tsangano. Masiku ano ndi kapitawo wa alonda konkuno ku Joni, ali ndi fulati yawoyawo, ndipo njinga yawo mutha kuinyamula ndi chala chimodzi. Ilibe keriyala, ilibe belu, kachishalo kake n'kongokwanira kuvulaza munthu. Paja munkati njinga yopanda keriyala ndi chidole. Bambo wamkulu wandevu amavala kabudula womata thupi, miyendo ameta, n'kumathamangitsana ndi anzawo m'mawa wa Lamulungu anthu akupita kutchalitchi. Pamaliro anu anati abwana akana tchuthi. Chaka chino akuti kuli mpikisano waukulu wa njinga, ndipo wagwera mapeto a sabata omwewo a chiliza chanu.

Mwezi watha nditawaumiriza kuti tikhale pansi tikambe, anati, "Esi, tiye undiperekeze kushopu, tikambirana m'njira." M'njira monse anakamba za njinga. Akuti wowaphunzitsa wawaletsa kutchova pamsewu mpaka sabata ya mpikisano, chifukwa cha chisanu, matekisi ndi anyamata olanda njinga. Choncho ankafuna makina otchovera m'nyumba. Mwamva bwino, amayi. Munthu akwere njinga pabalaza, atchove mpaka lilime panja, akatsika ali pomwepo pafupi ndi firiji.

Kushopuko ndinapenya zinthu. Wogulitsa anatiwonetsa mitundu itatu. Woyamba ndi mipini yozungulira, njinga umangoisanjika pamwamba, ukayang'ana kumbali wagwa. Achimwene anati umenewo ndi wachikale, sulankhula ndi foni. Wachiwiri umagwira njinga kumbuyo, tayala n'kumakhula pachitsulo. Atauyesa unalira ngati chigayo, ndipo akuti umadya tayala, komanso aneba apansi angakasume kwa mwini nyumba. Wachitatu ndiwo unawatulutsa dovu. Umachotsa tayala lakumbuyo, tcheni n'kuikoleka pamano a makinawo. Wailesi yakanema imawonetsa msewu wa kumaiko a azungu, ndipo pakabwera chitunda makina amalemera okha kuti uvutike. Amawerenganso mphamvu za miyendo yako n'kukauza foni. Pamwamba pa izo ugule fani yokupepesa ndi mphasa yolandira thukuta. Amayi, anthu akugula chitunda m'sitolo, pomwe kwathu zitunda zangokhala zaulere. Ndinafunsa kuti nanga magetsi akazima, njingayo imafika bwanji? Achimwene anandiponda phazi.

"Eish, iwe sungamvetse," anatero. "Iyi ndi thireningi, si kabaza."

Anazungulira makina awiri otsalawo kwa nthawi yaitali, akugwira uyu, akusisita uyo, akufunsa mafunso m'Chingerezi chopotokola mphuno. Posankha bokosi lanu sanafunse ngakhale funso limodzi. Ine ndinali nditakhala pakampando, mtima ukuwira. Kenaka ndinafunsa wogulitsa uja kuti, tayala lochotsedwalo limapita kuti? Anati limangokhala m'thumba lake mpaka tsiku limene mwini adzafune kutuluka panja. Pamenepo ndinaimirira.

"Achimwene, tengani awa ochotsa tayalawa. Munthu wamkulu ngati inu musagule zaphokoso."

Anandiyang'ana modabwa, n'kuseka. "Mara Esi, uli ndi nzeru nthawi zina." Ndi tsiku lokhalo chifikireni kuno limene ananditamapo.

Loweruka lililonse ndimakawakonzera m'nyumba, makiyi ndili nawo. Tsiku lina ndinawapeza ali pamakina awo, thukuta lili kamukamu, fani ikuwomba, pakanema tikuyenda tianthu tojambula pa tinjinga. Akuti ndi anzawo a kutali amene sanawaonepo, ndipo amapatsana moni pafoni. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti amalume aimbanso, akufuna yankho la Okutobala. Osacheuka n'komwe anati, "Dikira kaye, ndili pachitunda."

Amayi, mawu amenewo anandilasa. Ndinakumbuka nthawi ija munayamba kudwala, iwo akukunyamulani pakeriyala kupita kuchipatala, mutadzimangirira m'chiuno mwawo ndi chitenje kuti musagwe. Chitunda chija cha kuseri kwa msika, chimene amuna anzawo ankatsika n'kumakankha, iwo anakwera nacho osaponda pansi. Munkauza aliyense wobwera kudzakuzondani kuti, Laisoni wanga satsika pachitunda. Ndi miyendo yomweyo, amayi. Inakula ndi kachewere wanu, lero ikukwera phiri lojambula, ndipo mwini wake sangathe kutsika kuti amve za manda a mayi ake. Ndinachita manyazi m'malo mwawo. Ndinakolopa thukuta lawo pansi.

Tayala lija linkalendewera pamsomali kuseri kwa chitseko, m'thumba lake lakuda lazipi. Amalikonda kuposa munthu. Anandiuzapo okha kuti linachokera kutsidya kwa nyanja, lopepuka ngati lichero, ndipo lina lofanana nalo sangalipeze msanga. Loweruka lotsatira, iwo ali kuntchito, ndinalitulutsa. M'thumbamo ndinaikamo chivindikiro cha ndowa yochapira kuti lizioneka lodzaza. Tayalalo ndinalikulunga m'mabulangeti awiri amene ndagulira alendo a pachiliza, n'kulipereka kwa a thiransipota ku Jeppestown pamodzi ndi mafuta ophikira ndi mbale. Dzulo amalume andiuza kuti katundu wafika, ndipo akufunsa kuti gudumu lopanda njingali ndi la chiyani. Ndawauza kuti alisunge pabwino, mwini wake akubwera.

Mpaka lero sanazindikire. Amadutsa pachitseko chija m'mawa ndi madzulo, mwina amalisisitanso thumbalo, akusisita chivindikiro cha ndowa. Adzatsegula zipi sabata ya mpikisano. Sindidzabisa, ndidzawauza kumene lili, ndi kuti basi yopita kwathu ikadali ndi malo. Adzakalipa, adzanditchula wakuba, mwina adzandilanda makiyi. Zimenezo sindikuziopa. Akabwera atakwiya, abwerebe, inu munazolowera nkhope yawo yokwiya kuyambira ali pamsana panu.

Chimene ndikuopa n'china. Anzawo a makabudula othina aja ali ndi matayala ambiri, ndipo wina atha kuwabwereka. Akatero, amayi, ndidzadziwa kuti munabereka ana aakazi okhaokha. Sindidzalira pamaso pa anthu. Ndidzagwada kwa amalume mwaulemu wonse, kenaka ndidzatola njerwa yoyamba ndi manja angawa n'kuiika ndekha, afune asafune. Tayalalo ndidzapatsa ana a kwa Khirise aziligubuduza ndi kamtengo pabwalo, kuti nalonso lione msewu weniweni.

Mupereke moni kwa abambo. Musawauze za makabudula aja, angadwale kachiwiri. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Kaya mwana wanu woyamba atsika pachitunda chake kapena satsika, ndikukulonjezani kuti mvula ya chaka chino ikupezani mutafunda.

Ndine mwana wanu,
Esinati