Mwendo wa Kagwape

Akulu anga okondedwa,

Ndayamba ndi moni kuti mungati tauni yandiiwalitsa ulemu. Muli bwanji kumeneko? Magalasi aja akukuthandizani, kapena mukupatsabe moni mitengo? Ine kuno ndilipo, kungoti maondo akukangana ndi masitepe a nyumba ino tsiku ndi tsiku. Zilembo zangazi muziwerenge mwachifundo, paja sukulu ndinangoinunkhiza.

Mwana wathu wamkazi, amene ndikukhala naye kuno, ali bwino, koma ntchito yochapa zovala za kuchipatala ikumudya. Amabwera atafooka ngati sanza yonyowa, kudya, kugona. Ndiye ana ake awiriwa atsalira ine, ndipo ndi iwo andikhazika pansi kuti ndilembe.

Ndiyambe ndi wamkulu, amene ndinamutcha Bwanamkubwa. Mpira amautha, anthu amati mwendo wake wamanzere uli ndi maso. Koma akangopunthwa chala, basi, maliro. Amagona pampando, mwendo pamtsamiro, kuitanitsa madzi ngati ali mu hotela, mankhwala kumwa onse mpaka kunyambita supuni. Thupi lake lilibe ndi chipsera chomwe, koma timu yamuika pabenchi chifukwa kokonzekera amapita akafuna. Iye alibe nazo ntchito, akuti pabenchi mpira umaoneka bwino. Ameneyo sindimudandaula, adzakalamba ali chigonere.

Wondisowetsa mtendere ndi mlongo wake, Kagwape wanu uja munamulera ali wakhanda. Mukukumbuka mmene ankakanira kuberekedwa, kufuna kuyenda yekha ngakhale minga ikumubaya? Sanasinthe, wangotalika. Tsopano amathamanga mitunda italiitali, mamendulo ali lendelende pamsomali kuchipinda. Ndinapitako kubwalo kukamuonera. Anzake akayamba kutulutsa malilime ngati agalu, iye m'pamene amaluma mlomo n'kuwadutsa mmodzimmodzi. Ndinakuwa mpaka mpango unagwa, sindibisa.

Mwezi wathawu ndinaona akutsika masitepe cham'mbali ngati nkhanu. Nditamufunsa anati palibe kanthu. Ndinamugwira pamsongolo mwadzidzidzi, anadumpha ngati waponda moto, koma msozi ayi. Tinachita kumukokera kuchipatala. Atamujambula, adokotala anatisonyeza kamzere pafupa, akuti ndi mng'alu, ngati uja umayamba pakapu. Anati akapuma fupa lilumikizana lokha, koma akapitiriza lithyoka ndithu, ndipo mwina sadzathamanganso. Iye kugwedeza mutu mwaulemu, zikomo adokotala, ndamva adokotala. Titangotuluka pageti, ndodo zoyendera zimene anamupatsa anandipatsira ine, akuti agogo ndinu mukuzifuna kwambiri.

Vuto ndi loti mwezi wamawa kuli mpikisano waukulu, umene amasankhirako opita kunja. Ndinapita kwa kochi wake, bambo wamimba, wenzulo ili m'khosi, amene sindikhulupirira kuti anathamangapo ngakhale pothawa mvula. Ndinamuuza kuti mwanayu akalumala ndidzamusenzetsa iyeyo kumsana. Anandiyankha mofatsa kuti kubwalo anamuletsa kale, nanga msewu angautseke bwanji. Akuti ana otere amabadwa kamodzikamodzi, ululu amautenga ngati mnzawo wowaperekeza, ndipo mtima umene umamupambanitsawo ndi womwewo udzamulumalitse. Ndinamuuza kuti zimenezo ndinazidziwa iye asanamere ndevu, ine ndabwerera mankhwala, osati dzina la matenda. Anangotambasula manja.

Ndayesa zonse, akulu. Ndakalipa mpaka aneba kutseka mawindo. Ndinamuuza kuti kuthamanga sikufika, iye n'kundiyankha kuti kukhala pansinso sikufika. Ndinanyanyala chakudya, anandiphikira, kundinyengerera mpaka ndinadya, kenako uyo wapita. Mayi ake amangolira. Bwanamkubwa anamulangiza kuti aphunzire kwa iye, mlongo wake anamuyang'ana ngati waona chimbudzi chikuyankhula.

Ndiye ndinati ndichite zanzeru. Ndinatenga nsapato zake zonse n'kuzikwirira m'thumba la makala. M'mawa mwake ndinamva chitseko. Posuzumira pawindo, uyo ali pamsewu wa phula, mapazi ali pansi, akutsimphina pokhota. Anabwera zala zikuchucha magazi. Sanandifunse, sanandinyoze. Anangotunga madzi m'beseni n'kukhala pakhonde. Ndinakafukula nsapato zija ndekha, kuzipukuta, n'kumuikira pambali. Anati zikomo agogo.

Koma pali chimodzi chimene ndachiona. Mwanayu za thupi lake samva, koma thupi la wina amalimva. Chaka chatha mayi ake atagona ndi chifuwa, anakhala pambali pa bedi mpaka anachira, kubwalo osapondako, popanda womuuza. Kudzipumira yekha amati ndi ulesi, koma kukhalira pansi wodwala amati ndi ntchito.

Pempho langa ndi ili. Mumuimbire foni Kagwape, mumuuze kuti msana wanu wakula, simukutha kudzuka nokha, ndipo mukufuna iyeyo, osati wina. Inu sangakukanireni. Za mwendo musatchule ngakhale pang'ono, akangonunkhiza kuti ndi nzeru zanga, zonse zada. Ndikudziwa kuti bodza mumadana nalo, koma pamsinkhu wathuwu msana wosapweteka uli kuti? Mungowonjezera kubuula. Akafika muzimutuma zapafupi, akusisiteni, akuwerengereni, akusokereni, chilichonse chomukhazika pansi mpaka fupa ligwirane.

Ndikudziwa chimene ndikumulanda. Mpikisanowo waukonzekera ndi moyo wake wonse, ndipo sindikudziwa ngati mwayi wotere udzabweranso. Tsiku lina adzazindikira kuti ndinali ine, ndipo mmene ndikumudziwira, sadzakalipa, adzangosiya kundiyankhula. Ndalolera. Bola adzadane nane ataimirira ndi miyendo iwiri. Ngati muli ndi nzeru yoposa iyi, nenani msanga, zanga zathera pamenepa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze achepetse fodya. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa apongozi anu, ndi zidzukulu zonse, zomvera ndi zosamvera zomwe. Mwana wathu akuti akukusowani. Kalatayi mukawerenga musaisiye poonekera.

Tsalani bwino, ndipo musachedwe kuimba.

Ine mng'ono wanu,
wapakamwa uja