Jekeseni Wamadzi

Nyimba,
18 Febuluwale, 1979.

Okondedwa alongo anga a Edmond,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Kabwe. Kuno mvula ikugwa yokwanira, chimanga chamasula, sopo ndi mchere m'sitolo mulibe monga mwa masiku onse. Ine ndikuphunzitsabe. Chimene ndalembera ndi mng'ono wanu Fabian. Ali kuno kwa ine, ndipo sanabwere kudzacheza. Akuchikazi amubweza.

Ndikudziwa kuti mbali yanu munachita. Lole itagubuduzika naye pa msewu wa ku Dar es Salaam n'kumuphwanya chiuno, munamudwazika ndinu. Atazolowera petidini, jekeseni woletsa ululu wa m'chipatala, mpaka kugulitsa wailesi ndi nsapato kuti azibayidwa kuseri, ndinunso munamutengera kwa madokotala a maganizo ku Lusaka. Njala ya jekeseni anamuchotsa, zimenezo n'zoona, ndipo amapitabe kukaonedwa. Koma chiuno anamusiyira. Fupa lija linagwirana mokhota, ndipo limamuluma akakhala, akaimirira, ngakhale akagona. Chimene amamwa ndi asipirini ndi timapiritsi tija tomuumitsa khosi n'kumutulutsa dovu. Malangizo amene anatipatsa abalefe munawamva nokha: akadandaula za ululu musamvere, imeneyo ndi njala ya jekeseni ikuyankhula. Tawasunga bwino malangizowo. Banja lomvera ngati lathu sindinalionepo.

Atatuluka anabwerera ku Ndake kwa mkazi wake Olipa. Pamene anali dalaivala, akubwera ndi shuga ndi zitenje, palibe amene ankakumbukira kuti ndi mkamwini. Tsopano anakumbukira onse, makamaka a Gideon, amalume ake a Olipa, amene amayeza mkamwini ndi khasu basi.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita kukawaona, ndipo ndinapeza Fabian akuluma bulangete kuti ana asamve kubuula. Tinamukweza pa njinga, Olipa akukankha, ine ndi a Gideon pambuyo, mpaka ku kiliniki. Kumeneko kuli a Katongo, Mbemba wa ku Kasama. Si dokotala kwenikweni, koma kuno aliyense wovala zoyera ndi adokotala. Si munthu woipa, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka. Vuto ndi chimbuya chathuchi ndi Abemba: mbuya akakunyoza umaseka n'kumubwezera, ndipo wokwiya ndiye amachita manyazi.

Atangomuona pakhomo anakuwa kuti, "Aa, wabwelanso wakudya mbewa! Lelo n'chiyani? Mchila wakutsamwa?"

"Chiuno, ambuya," anatero Fabian. "Chanivuta maningi."

"Chiuno cha munthu wakum'mawa? Chinatha n'kukumba mauna chimenecho!"

"Nanga inu odya anyani, chiuno muchidziwila kuti? Mumakhala m'mitengo."

Odwala onse pa benchi anaseka. Fabian nayenso anaseka, thukuta likuyenderera m'khosi, manja atagwira khoma. Munthu amene akuseka, alongo, ndani angakhulupirire kuti akuvutika?

A Katongo analowa kuseri kwa nsalu n'kutuluka ndi jekeseni. Anatsitsa mawu nati, "Nakupatsa ija yamphamvu, ija uikonda. Usauze munthu, anganichotse nchito." Anamubaya. Fabian anagona phee kwa kanthawi, kenako anadzuka, nawomba m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo ambuya, mwanithandiza."

Tili panja, Fabian ali pansi pa mtengo, a Katongo anatiitana atatufe pambali. Nkhope inali yowala ngati ya mwana amene wakhoza samu. "Amai aphunzitsi, mwaona? Aja ni madzi chabe. Madzi! Ndipo wapola. Ululu wake uli m'mutu. Mupatseni nchito aiwale." A Gideon anagwedeza mutu nthawi yaitali, ngati munthu amene wapatsidwa mphatso.

Pobwerera ndinatsalira ndi Fabian m'mbuyo n'kumufunsa ngati akumvako bwino. Anandiyang'ana nati, "Alongo, aja ninawadziwa nyeleti ya jekeseni isanatuluke m'thako. Petidini imafunda, imakwela mpaka kuseli kwa maso. Aja anali madzi."

"Nanga unathokozeranji?"

"Ni mbuya. Munafuna nimukalipile pamaso pa anthu? Komanso nikanati si yeniyeni, akanati mwamva, aidziwa bwino, afuna yeniyeni."

Ndaiganiza nkhaniyi mbali zonse ndipo khomo sindikuliona. Akakuwa, ndi njala ya jekeseni. Akakhala chete, wachira. Akanena kuti ndi madzi, ndiye kuti sanasiye. Akathokoza, ndi wabodza. Mafunso otere ife kusukulu sitiloledwa kupatsa ana.

Sabata lomwelo a Gideon anamupatsa khasu ndi mizere yake m'munda wa thonje. Olipa akuti tsiku loyamba anapalira ataimirira, kenako atagwada, kenako atagona cham'mbali, akuzula udzu ndi manja n'kumadzikoka. Anthu opita kumadimba ankaima kuonerera. A tcheyamani a Chipani a m'mudzimo ananena pa msonkhano kuti aulesi ndi amene akubweza dziko m'mbuyo, ndipo ngakhale sanatchule dzina, mitu yonse inatembenukira kumodzi. Pambuyo pake Fabian analephera ngakhale kufika kumundako.

Lachiwiri lapitali, ndili m'kalasi, ndinamva ana akuthamangira ku mawindo. Pabwalo la sukulu panali ngolo ya ng'ombe. M'ngolomo munali mng'ono wanu, mphasa, bulangete ndi katundu wake m'thumba la feteleza. A Gideon anavula chipewa mwaulemu wonse.

"Amai, musamve molakwa. Sitinamuthamangitse. Tangobweza munthu kwa eni ake."

Ndinati, "Kodi wodwala amabwezedwa ngati poto wobwereka?"

"Wodwala tikanasunga, amai. Ife ndife Akhilisitu. Koma adokotala ananena pamaso panu kuti sadwala."

Olipa anali atayenda pansi njira yonse kumbuyo kwa ngolo. Anandipatsa kathumba ka nshawa, nakonza kolala ya malaya a mwamuna wake, nabwerera ndi amalume ake. Sindimuimba mlandu. Munda ndi wa kwawo, ana ndi a kwawo, ndipo ana amadya tsiku lililonse.

Ndinapita ndekha kwa dokotala weniweni ku boma. Anamvetsera bwino mpaka pamene ndinatchula petidini. Pamenepo anatseka cholembera. Anati mafupa otere amaonedwa ku Lusaka kokha, ndipo munthu wa mbiri yotere ngakhale atamung'amba angamupatse chiyani pambuyo pake? Anandipatsa asipirini.

Pempho langa ndi ili. Bwerani mudzamutenge, mupite naye kwa madokotala a mafupa, osati a maganizo. Muvale jekete lanu la kuntchito kwanu ku njanji, mulankhule Chingelezi, ndipo muyambe ndi chiuno. Za jekeseni adzazipeza okha. Mwamuna wa tayi amamumvera kusiyana ndi mphunzitsi wamkazi wa ku Nyimba. Yankho lanu ndikulidziwa kale, chifukwa munandiuza chaka chatha: kuti ndine wofewa mtima, kuti anthu a jekeseni ndi akatswiri a bodza, kuti inunso anakunamizani kambirimbiri. Zonsezo n'zoona. Anakunamizani. Koma wabodza nayenso fupa lake limathyoka.

Kuno nyumba ndi ya chipinda chimodzi, ndipo ahedi ayamba kale kufunsa ngati mlendoyu akhalitsa. Fabian savuta. Sapempha kanthu, sabuulanso, chakudya amangochilawa. Amagona choyang'ana kukhoma, ndipo ndimadziwa kuti ululu wafika poona zala za kumapazi zikupindika. Anansi akuti akuoneka kuti wapeza bwino.

Ine ndimayang'anira munda wa sukulu, choncho botolo la mankhwala opopera thonje limakhala m'nyumba mwanga, pamwamba pa kabati. Dzana masana nditabwera kuchokera m'kalasi ndinalipeza lili pansi, pafupi ndi mphasa yake, losatsegula. Munthu amene satha kufika pakhomo popanda ndodo anakwera bwanji pampando, sindidziwa. Ndinalitola n'kupita nalo kwa ahedi. Nditabwerera anandiyang'ana, osakwiya, nati, "Mwachita bwino, alongo." Kenako anatembenukiranso kukhoma. Mipeni ndi chingwe choyanikira zovala nazonso ndachotsa. Koma ine ndimaphunzitsa mpaka masana, ndipo chitseko chilibe loko wakunja.

Mundiperekere moni kwa alamu a Jennipher, ndi kwa ana onse, makamaka Morgan amene ndamva kuti wakhoza mayeso. Olipa akanakhala pano akanapereka moni. Fabian ndamuuza kuti ndikulembera inu, ndipo ndamufunsa ngati ali ndi mawu. Akuti ndikuuzeni kuti nyeleti anasiyadi, simunataye nthawi yanu pachabe. Akuti musavutike ndi ulendo, mabasi ndi ovuta nyengo ino, ndipo iye sadzakuchititsaninso manyazi.

Ndalemba monga ananenera. Mukafuna kuyankha, musalembe kalata. Bwerani.

Ndine mlongo wanu,
Josephine.