Chipsera cha Simbi pa Bokosi la Rute

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Kuno tilipo, koma osati tonse, ndipo zimenezo mukuzidziwa kuposa ine.

Ndine Lidiya, mwana wanu woyamba, uja munkati pakamwa pake sipauma. Ndikudziwa kuti mukuseka, poti ndikulembera kalata munthu amene buku la nyimbo ankaligwira mozondotsa m'tchalitchi, koma n'kumaimba mokweza kuposa aliyense. Musadandaule, wokuwerengerani ndamupeza.

Ndiyambe ndi zabwino. Mvula yagwa kawiri chikuikireni, ndipo pakati ndinali napo paja panabadwa mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu, ukali ndi wanu, akafuna bere mudzi wonse wa kunsi kwa Ndirande umadziwa. Amuna anga a Yakobe akadali ku njanji ku Limbe, amabwera ali bii ndi malasha, oyera mano okha. Sitima ija munkaithawa ikalira, masiku ano ngakhale mbuzi siziitembenukira. Nandolo wachita bwino kumunda wa kumtsinje, koma chimanga tagawana ndi anyani a m'phiri, ndipo iwo ndi amene atenga gawo lalikulu. Ine ndikuchapabe ndi kusita zovala za dona wa ku Nyambadwe. Mpando wanu wotsamira uja, pepani, ndinauwaza nkhuni. Mukamva zotsatirazi mudziwa chifukwa chake.

Mpandowo anakukhomerani ndi alamu a Tomasi, amuna ake a mng'ono wanga Rute, mmisiri wa matabwa wophunzira ku mishoni. Munkawakonda mkamwini ameneyu. Munkakhala pampandopo ngati dona, n'kumati, "Mwana uyu manja ake ndi odala." Manja omwewo ndi amene ankatupitsa diso la Rute. Akabwera n'kunena kuti munsi wamudumphira posinja, inu munkamuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kumuuza kuti mkazi wolongosoka satulutsa za kuchipinda pabwalo. Mawu amenewo ine ndinawasenza zaka zambiri, Amayi. Chaka chino ndawatula.

Mutapita inu, zinthu zinanyanya. Alamu anapeza mayi wina pafupi ndi msika wa ku Limbe. Koma iwo ndi mkulu wa mpingo. Kukwatira mitala sangathe, kusiya mkazi sangathe, udindo ndi ntchito zonse zingawathere. Munthu wotere amamasuka pokhapokha mkazi wake atamwalira. Rute anapita kawiri kwa atsibweni, achimwene anu a Namacha, kukadandaula. Kawiri konse anamubweza, ati akapirire.

Loweruka lina ndinanyamula simbi yanga kupita kwa Rute kukamusitira diresi yoyera, poti m'mawa mwake kunali mgonero. Tinakhala m'chisakasa chimene alamu amapaliramo matabwa. Pambali panali bokosi lalitali lofunditsidwa masaka. Mwana atalira, ndinaika simbi pamenepo osaganiza, ndi makala ake omwe. Tinadzidzimuka ndi fungo. Saka linali litapsa, ndipo pathabwa la mkungudza panatsala chipsera chakuda, simbi yeniyeni, ndi mphuno yake yomwe. Alamu anatulukira n'kuona chipseracho.

"Mlamu, mwandiwonongera ntchito. Ili ndi bokosi la zovala la mzungu wa ku Mpingwe."

Rute, pofuna kuziziritsa nkhani, anaseka n'kuti, "Bambo a Dawudi, bokosi la zovala kutalika ngati munthu?"

Iwo sanaseke. Anafunditsanso masaka n'kuchoka. Rute anakhala pabokosi pomwepo n'kupitiriza kusenda nandolo, miyendo ili lendelende. Mumamudziwa kufupika kwake.

Lachiwiri m'mawa uthenga unafika kuti Rute wamwalira ndi nthomba. Ndinathamanga, mwana ali kumbuyo. Ndinafika dzuwa litangokwera pamwamba pa phiri la Mpingwe, ndipo ndinapeza bokosi lokhoma kale, lokutidwa nsalu yoyera. Alamu anali pakhomo, akuletsa adzukulu kusambitsa maliro, ati matendawa ndi opatsirana. Ana awo awiri aja, Dawudi ndi Esitere, anali atatumizidwa kwa azakhali awo dzulo lake. Anthu atamva dzina la nthomba anaima patali, aliyense atagwira pamphuno. Dzuwa lisanafike pamutu tinali kale kumanda, pambali panu.

Ine mutu unali utaima, sindinkaganiza kanthu. Koma potsitsa bokosi adzukulu anachotsa nsalu ija, ndipo chakumiyendo ndinaona chipsera. Anali atapalapo, atapakapo mafuta, koma moto unalowa mkati mwa thabwa. Simbi yanga ndimaidziwa, Amayi, mphuno yake ndi yobenthuka mbali imodzi. Munthu wina akanataya thabwalo n'kudula lina. Koma alamu mukuwadziwa, mkungudza wabwino sangautaye ngakhale kapisi kakang'ono. Umisiri wawo womwewo ndi umene unawapereka. Mng'ono wanga anasendera nandolo pabokosi lake, ali moyo, akuseka.

Ndipo nthomba inu munaidziwa, zipsera zake munapita nazo kumanda. Munkatisimbira kuti munagona masiku ambiri thupi likutentha zilonda zisanatuluke. Rute ndinakhala naye benchi limodzi Lamulungu, khungu lake lili see, akundinong'oneza kuti mlaliki watalikitsa. Nthomba yanji yopha munthu m'masiku awiri, osadwalitsa wina aliyense pakhomo? Zovala za wodwala nthomba amatentha. Nsalu ya Rute ya madontho ofiira ija ndinaiona ndi maso angawa m'chiuno mwa mayi wa ku Limbe uja.

Ndikuchita manyazi kukuuzani kuti ndinakhala chete miyezi iwiri. Ine amene! Ndinkachapa, ndinkasita, usiku osagona, koma pakamwa panali patauma. Nditalimba mtima ndinapita kwa atsibweni. Anandimvetsera akusema mpini, osandiyang'ana.

"Iwe mwana, wakufa wafa. Ukufuna ana a mng'ono wako akule akulozedwa zala?"

Ndinapita kwa akulu a mpingo. Anandiuza kuti ndipemphere, ndipo ndisamale ndi umboni wonama. Amene anandidzutsa ndi abiti Mdala, mayi wa Chiyao uja wogulitsa mchere, woyandikana nyumba ndi Rute. Anandipeza kumtsinje n'kukhala pamwala.

"Mwanangu, ine ndine wa ku mzikiti, za ku tchalitchi kwanu sindilowerera. Koma makutu alibe chipembedzo. Lolemba masana, ana atachoka, ndinamva mng'ono wako akukuwa kamodzi kokha, kenako zii. M'mawa mwake ndinamva nyundo. Macheka sindinamve, kupala thabwa sindinamve. Misomali yokha basi."

Patapita masiku ochepa alamu anapempha kuti tiwasudzule. Miyezi iwiri yokha, udzu usanamere pamtumbira. Mwambo wathu mukuudziwa: mwamuna amene mkazi wake wamwalira samasuka kukwatiranso mpaka akuchikazi amumasule, ndipo mayi wamkulu wa mbumba ndi amene amamupatsa nkhuku m'manja n'kunena kuti apite, tilibe naye mlandu. Mukanakhalapo inu, ntchitoyo inali yanu. Popeza kulibe, inagwera ine.

Tinasonkhana pabwalo la atsibweni, pansi pa mango aja munadzala. Abale a alamu anakhala uko, ife uku, akulu a mpingo pakati ndi zipewa zawo pamaondo. Anandipatsa nkhuku yoyera. Alamu anagwada patsogolo panga atavala jekete, n'kutambasula manja. Ndinawayang'ana manjawo, odala aja.

"Alamu," ndinatero, "bokosi la mzungu wa ku Mpingwe lija munakapereka liti?"

Ndinapitiriza osadikira yankho.

"Nanga la Rute munalikhoma liti? Mwati anamwalira kutacha. Ife tinafika mame asanaume, bokosi lopalidwa, lopakidwa mafuta, louma. Kodi mkungudza wa masiku ano umamera wokhomakhoma?"

Alamu anakweza maso n'kuyankha mofatsa, monga amayankhulira m'tchalitchi. "Mlamu, chisoni chakusokonezani mutu. Tikupemphererani."

Ndinatsegula manja. Nkhuku inauluka n'kukalowa m'chinangwa. Ndinati, "Mawu aja ine sindinena. Mlandu tili nanu." Atsibweni anadzuka ndi ndodo n'kundiuza pamaso pa anthu kuti ndikaipititsa patali nkhaniyi ndisadzapondenso pakhomo pawo, ndipo ndikadzafa ndikaikidwe kwina, osati pambali pa inu. Zinandiwawa, sindinama. Koma ndinamanga mwana kumbuyo n'kuchoka osawatsanzika.

M'mawa mwake ndinaoloka mtsinje wa Mudi kupita ku boma, simbi ili m'nsalu. Boma sindilikonda, Amayi. Ndi omwewa amagwira amuna m'misewu kuti akawasenzere katundu. Koma atsibweni atatseka makutu, akulu a mpingo atatseka maso, ndikanagogodanso pati? Ndinakhala pakhonde masiku atatu, amesenjala akundidutsa ngati chitsa. Tsiku lachitatu anandilowetsa kwa bwana wachizungu. Womasulira atamva kuti mboni yanga ndi simbi anayamba kuseka, koma ine ndinaimasula n'kuiika patebulo la bwanayo, pamwamba pa mapepala ake. Ndinamuonetsa mphuno yobenthuka ija n'kumuuza kuti akakumbe akayerekeze yekha. Abiti Mdala anasiya mchere wawo kumsika n'kudzanena zimene anamva. Mzunguyo anakambirana ndi dotolo, ndipo dotoloyo anati thupi limanena zoona ngakhale patapita miyezi. Kenako bwanayo anavomera kuti manda akakumbidwe, koma anandichenjeza kuti akakapeza kuti ndanamizira munthu, wolowa ndende ndine. Ndinamuuza womasulira uja kuti amuuze bwana wake kuti kundende nakonso kuli zovala zakuda, ndikachapa komweko.

Tsopano mudzi wonse ukunditchula mfiti, poti wofukula manda dzina lake ndi limenelo. Kumtsinje amayi amasuntha miyala yawo ndikafika. Ku tchalitchi andiimitsa mgonero. Adzukulu akana kugwira khasu. Amuna anga a Yakobe, aja munkawaseka kuti amayankhula kawiri pachaka, anamva zonsezi akudya. Atasamba m'manja anangoti, "Amake mwana, khasu ndinyamula ine." Ndinatuluka panja kukalira, kuti asandione.

Dawudi ndi Esitere ndinakawatenga, ali kwa ine. Ndi mbumba yathu, palibe angandilande. Esitere amagona atagwira nsalu yanga, ndipo tsiku lina anandifunsa ngati nthomba imapweteka. Sindinamunamize, komanso sindinamuuze zonse. Ndinati akadzakula ndidzamuuza ndekha, asadzamvere kumtsinje. Atsibweni akuopa kuti anawa azidzalozedwa zala. Ine ndikuopa kuti angakule akugwadira munthu amene anapha mayi wawo, n'kumaphunzira kwa ife kuti zoterezi amakwirira.

Chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Lachiwiri likubwerali m'mawa mudzamva makasu kumanzere kwanu. Musadzidzimuke. Si afiti, si afisi, ndine mwana wanu. Ndikudziwa kuti kwathu manda sakumba kawiri, ndipo ndikudziwa kuti mukanakhala moyo mukanandigwira mkono n'kunditsina kuti ndikhale pansi. Kwiyani ngati mukufuna, ndazolowera. Ndimakukondani, Amayi, tsiku silidutsa osakukumbukirani, koma pa nkhani ya Rute munalakwa. Munaliona diso lija n'kumubweza. Inenso ndinaliona n'kumusitira diresi kuti akaoneke bwino pambali pa mwamuna wake. Tonse tinamuthandiza mmisiri uja kugwira thabwa. Ine ndaleka.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Sindikudziwa chimene ndikaone akatsegula, ndipo sindikudziwa ngati ndidzagone kwathu tsiku limenelo. Koma ndikaima pomwepo, pamphepete pa dzenje, ndi simbi yanga m'manja, ndipo sindikatembenuza nkhope. Nkhope ya mng'ono wanga anandimana pa tsiku la maliro. Nthawi ino ndikamusambitsa ndekha, ndikamuveka diresi yoyera ija, ndipo akagona m'mphasa monga munagonera inu. M'bokosi la munthu uja sabwereramonso.

Kalatayi ndikaipinda n'kumuikira m'dzanja tisanakwirire. Rute ankawerenga bwino kuposa ine, ndiye akuwerengerani. Akamaliza, akuuzani yekha zimene zinachitika Lolemba lija, zimene ine sindikuzidziwa. Chonde, Amayi, ulendo uno musamudule mawu. Mumumvetsere mpaka amalize.

Ndikulonjezani kuti ana ake ndiwalera ngati anga, ndipo Esitere kapena mdzukulu wanu wa dzina lanu uja akadzabwera pakhomo panga ndi diso lotupa, sindidzafunsa za munsi, ndidzamutsegulira chitseko. Atsibweni akadzandimanadi malo pambali panu, musadere nkhawa. Kulikonse akandiike, mawu anga mudzawamva.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa pakamwa posauma uja,

Lidiya