Masekondi Makumi Atatu a Mayi Aakulu

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Funso limene ndikufuna tilithetse m'kalata ino ndi limodzi: kodi munthu amene wasoka mabatani ndi mipendero m'shopu mwathu zaka makumi awiri angauzidwe kuti afunsirenso ntchito yake yomweyo? Ndikulembera inu chifukwa pachiphaso cha bizinesi dzina lanu lili pambali pa la Bambo.

Mukudziwa mmene Bambo ankalembera ntchito matelala. Ankatsekera mtsikana mu ofesi n'kumamufunsa ngati ali pabanja, ngati ali ndi pakati. Mukudziwanso kuti amene ankagogoda pachitsekocho, ati akufuna sizasi, anali Mayi Aakulu, mkulu wawo wa malemu mayi athu, ndipo Bambo sanawakhululukire konse.

Chaka chino kusukulu ya zamalamulo taphunzira malamulo a zantchito. Patchuthi ndinawauza Bambo pamasom'pamaso kuti mafunso awowo ndi tsankho, tsiku lina adzawafikitsa kukhoti. Ndinawalembera ndondomeko ya masamba anayi: ntchito izilengezedwa poyera, mayeso azikhala ofanana kwa aliyense, pazikhala mboni yosaina. Ndinkayembekezera mkangano. Iwo anawerenga kawiri, n'kumwetulira.

"Loya wathu wakula," anatero. "Ndiye wati aliyense, eti?"

"Aliyense, Bambo."

Lolemba la sabata yatha anamata chidziwitso pakhoma: antchito onse afunsirenso malo awo. Mayeso ake, kulowetsa ulusi wakuda m'singano yaing'onong'ono pa masekondi makumi atatu. Mboni, ine.

Inu simunawaone Mayi Aakulu zaka zitatu zino. Maso awo anathera pansalu zathu. M'mawa uliwonse amakhala pakhomo, pamene pali kuwala, n'kulowetsa ulusi m'singano khumi mwapang'onopang'ono, n'kuzibaya pakansalu ka pachifuwa kuti ziwakwanire tsiku lonse. Batani limene asoka iwo, malaya amatha lilipobe.

Tsiku la mayeso, atsikana onse anakhoza. Itafika nthawi ya Mayi Aakulu, Bambo anadzuka n'kukatseka chitseko, ati mphepo ikuulutsa mapepala. M'shopu munada.

"Alamu, tanditsegulirani pang'ono," anapempha Mayi Aakulu.

"Anzanu apempha chiyani? Tsamba lachiwiri likuti ofanana. Loya, tawawerengera, mwina ine ndimanama."

Achimwene, ndinawerenga. Mawu anga omwe, mokweza.

Mayi Aakulu ananyowetsa ulusi pamilomo, nakweza singano kuloza kudenga, koma ulusi unkangodutsa pambali. Ananyowetsanso. Mtsikana wina anaphulika kuseka, n'kubisa nkhope m'nsalu.

"Chibowo chili kumwambako, mayi," anatero Bambo. "Kapena tikubweretsereni chingwe ndi ndowa?"

Foni yowerengera nthawi inali m'manja mwanga, ndipo palibe wina amene ankaiona. Ndikanatha kukhala chete mpaka ulusi utalowa. Koma mumtima ndinati mboni ikanama kamodzi, masamba anayi onse afa, ndipo Bambo abwerera kuchitseko chawo chotseka. Ndinanena kuti, "Nthawi yatha." Kenako ndinasaina.

Usaone ngati ndikudziyeretsa. Pepani, musaone. Cholakwa changa ndachipeza: sindinalembe kuti ndondomekoyo ndi ya ofuna ntchito atsopano okha. Koma Bambo alakwira lamulo lomwelo limene akubisalamo. Wantchito wakale sachotsedwa popanda chifukwa chomveka ndi mwayi wodziyankhira, ndipo mayeso ayenera kuyesa ntchito imene munthu amagwiradi. Ndinawauza zimenezi madzulo omwewo. Anandiyankha kuti, "Ukanene kumene ukufuna. Papepalapo pali siginecha ya ndani?" Akuti kalata yowachotsa ntchito Mayi Aakulu ituluka Lachisanu, ndipo andipempha ndiilembe ine, popeza ndili ndi chilankhulo chabwino.

Choncho zoyenera kuchitika ndi izi:

1. Muwaimbire Bambo Lachisanu lisanafike, muwauze kuti monga mwini mnzawo simukuvomereza.
2. Munditumizire mawu omwewo olembedwa ndi osainidwa, chifukwa za pafoni adzazikana.
3. Akaumirira, ndipita ku ofesi ya zantchito kukachitira umboni wotsutsa bambo anga ndi siginecha yanga. Musandiletse.
4. Ndondomeko isang'ambidwe. Ikonzedwe, chifukwa atsikana aja akuifunabe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Bambo akuti ali bwino, ndipo n'zoona, akudya ndi kugona mwamtendere. Moni wa Mayi Aakulu sindingakutumizireni, pakuti kawiri konse ndafika pageti pawo n'kubwerera osaodira. Koma dzulo anatuma mnansi wawo kwa ine ndi uthenga uwu: "Mukamuuze mwana wanga asadandaule, anawerenga bwino."

Ine mlongo wanu wamng'ono,
amene Bambo amamutcha Loya