Chimbale cha M'sutikesi ya Amayi

Bembeke, Dedza
Julayi, 1974

Okondedwa achimwene a Anselmo,

Ndayamba n'kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu ndi ana kumeneko ku Dalesalamu. Chifuwa chija chidakusiyani? Mukamaomba chitoliro chanucho mpaka mitsempha kutupa m'khosi, muzikumbukira kuti mapapo sagula pasitolo. Ife kuno tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa. Kachewere wa kudimba wapsa nacho masamba, ndipo mwana wanga Rute akutsokomola, koma akudya.

Kalatayi sidadzere ku positi. Amene wakupatsaniyo musamufunse zambiri, mupatseni madzi amwe azipita.

Ndinene msanga, poti mukundidziwa kuti kuzungulira sinditha: musabwere kuno. Ndamva kuti atsibweni a Linus atuma woyendetsa lole wina kuti akuuzeni mubwere, pali mlandu woti mudzaukambe. Mlanduwo ulipodi. Alamu anu a Norbert, bambo a Rute, ali m'manja mwa apolisi chifukwa cha chimbale chanu chija, ndipo akuti adzawatulutsa inu mukafika. Komabe musabwere. Khalani pansi ndikuuzeni mmene zidayendera.

Chimbale cha jazi chija mudatitumizira chaka chatha, amayi adachilandira ndi manja awiri. Adayang'anitsitsa chithunzi cha pachikuto nthawi yaitali. Anthu asanu: inu pakati ndi sakisofoni yanu, imene iwo ankaitcha kaliwo wa mzungu, Mkongo wa piyano, wa lipenga wa ku Tanga, ndi wamtali wa ku Joni uja atakumbatira besi ngati wapeza mkazi. Kumbuyo pa ng'oma, a Timoteyo, amene ankaphunzitsa ku Linthipe. Achimwene, kodi mudaganiza kuti ndevu zimabisa munthu? Chithawireni m'chaka cha 1965, dzina lawo kuno limatchulidwa pa misonkhano ya chipani pokhapokha, ndipo salitchula popanda mawu oti chigawenga. Kuseri kwa chikutocho adalembanso poyera kuti nyimbozo mudajambulira ku Dalesalamu, pomwe amayi ankauza aliyense kuti muli ku migodi ku Joni.

Bambo a Rute atangoona adati chinthu ichi ndi moto, tichisunge ngati moto. Koma mukuwadziwa alamu anu ndi jazi. Manja ankawayabwa.

Tidachimvera Lamulungu lina titachoka ku Misa, kunyumba kwathu kuja kwa aphunzitsi, pa galamafoni yawo ya mabatire. Tidatseka mazenera, n'kuvundikira sipika ndi bulangeti. Bambo a Rute adaika singano, n'kuthawira kuchipinda, poti sakadakhala pabalaza limodzi ndi apongozi awo. Ali kuseri kwa chitseko ankandinong'oneza kuti ndiziwafotokozera amayi: ati tsopano onse ayambira limodzi, ati tsopano wa lipenga wapatuka yekha, ati musade nkhawa abwereranso. Amayi adamvetsera mbali yonse yoyamba, kenaka adafunsa kuti nanga ayamba liti kuimba, popeza mpaka pano akungokonza zipangizo. Tidaseka mpaka misozi.

Koma itafika nyimbo yapang'onopang'ono ya mbali yachiwiri, ija mudaitcha Nambewe potengera mfunda wawo, amayi adakweza dzanja kuti tikhale chete. Adati iyi ndi nyimbo yawo ya pamtondo, mwaipinda apa ndi apo koma ndi yomweyo. Kenaka adasendeza khutu kubulangeti kuja. Adati imva, Magadalena, akukoka mpweya asanaombe, wangayo ndi ameneyo, ankapuma chonchi ali pabere. Kuyambira tsiku limenelo, akabwera kwathu Lamulungu sankafunsa tiyi, ankangoti ndiikireni mwana wanga apume.

Atayamba kudwala adachitenga kupita nacho kumudzi. Adandiuza kuti achibisa patsindwi la khitchini. Za imfa yawo mudamva kale, sindibwereza, mtima sunapole.

Mukudziwa mwambo wathu. Tsiku lomwe adatisiya, amayi akuluakulu adamanga sutikesi yawo ndi luzi, kiyi n'kupereka kwa atsibweni monga mwini mbumba. Palibe aikhudze mpaka tsiku lometa. Maliro atatha ndidakwera kukafufuza patsindwi paja, ndidangobwerako ndi mwaye kumaso. Apo ndidaganiza za sutikesi ija. Koma ndani amatsegula katundu wa malemu asanamete? Akadati Magadalena waba nsalu za mayi wake, kapena akadanena zina zoposa apo. Ndidadzitonthoza kuti mwina adachitentha.

Tsiku lometa lidafika. Anthu adadzaza pabwalo la amayi, mitu ili mbee, mphepo ikuluma. Pampando wakutsogolo padali a Kenan, tcheyamani wa nthambi ya chipani. Sadaitanidwe, koma masiku ano pakakumana anthu oposa atatu iwo sasowa.

Atsibweni adadula luzi n'kuyamba kugawa. Mukudziwa mmene amachitira, nsalu iliyonse amaiimika m'mwamba n'kuikutumula pamaso pa anthu, kuti mawa wina asadzati munali ndalama kapena mkanda adabisa. Adakutumula diresi la Chilejio, gulu lawo la kutchalitchi, lidapita kwa azakhali. Adakutumula bulangeti, mipango, juzi. Kenaka adatulutsa chitenje chabuluu chija mudawagulira ndi malipiro anu oyamba, chitapindidwa bwinobwino pansi penipeni. Adachigwira m'makona n'kuchikutumula mwamphamvu.

Chimbale chidauluka, achimwene. Chidagwera pamapazi penipeni pa a Kenan, chithunzi chili m'mwamba.

A Kenan adachitola, n'kupukuta fumbi ndi mkono wa jekete, osafulumira. Adakulozani inu n'kunena kuti uyu ndi Anselmo wa ku migodi uja, migodi yake yovala tayi. Anthu ena adaseka, poyesa nthabwala. Kenaka chala chidasunthira kumbuyo. A Timoteyo adawaphunzitsa a Kenan sitandade fo, ndipo akuti adawakwapulapo kokwanira, ndiye nkhope imeneyo sakadaiphonya. Adatchula dzina lonse mokweza. Adatembenuza chikuto n'kuwerenga Dalesalamu.

Adafunsa kuti katundu uyu ndi wa ndani, ndipo akupita kwa ndani. Anthu omwe aja ankalimbirana mipango adabisa manja m'zitenje. Aliyense ankadziwa kuti likangomveka liwu loti n'cha amayi, ndiye kuti mbumba yonse inkasunga chithunzi cha chigawenga: atsibweni, ine, mng'ono wanga Agnesi ndi khanda lake, tonse.

Apo m'pamene bambo a Rute adaimirira. Adali kumbuyo kwenikweni pamulu wa nkhuni, komwe amakhala akamwini, anthu opanda mawu pa katundu wa eni mudzi. Adavula chipewa n'kupepesa kuti alankhulako pamalo posayenera. Adati chimbalecho n'chawo, adagula kwa munthu wapaulendo pamsika wa Linthipe chifukwa chokonda jazi, ndipo adachilowetsa okha m'sutikesi apongozi awo asakudziwa.

Bodza lake lalikulu bwanji! Munthu woti zaka zonsezi akakumana ndi amayi panjira ankapatukira m'tchire mpaka chisoso kudzaza thalauzi, ameneyo n'kupisa dzanja m'sutikesi ya apongozi, pakati pa zovala zawo zamkati? Ngakhale mwana sakadakhulupirira. A Kenan nawonso adadziwa. Koma adafuna munthu, ndipo munthu adadzipereka yekha. M'mawa mwake galimoto idabwera pasukulu ana ali pamzere, idawatenga ndi choko m'manja.

Ndapita kuboma kangapo ndi chakudya, amangolandira mbale n'kundibweza. Sabata yatha wapolisi wina, amene mkazi wake ndidamuchiritsa kuchipatala kwathu kuno, adandilowetsa kanthawi kochepa.

Achimwene, ine ndine namwino. Munthu wothyoka nthiti ndimamudziwa ndi kapumidwe. Alamu anu adayesa kukhala mowongoka kuti ndisaone, koma ndidaona. Magalasi awo adasweka. Dzanja lamanja adalibisa kumbuyo nthawi yonse, ndipo sindidawakakamize kulitulutsa.

Chimene akufuna anthu aja n'chimodzi. Akuti bweretsani amene ali pakati pachithunziyo adzafotokoze yekha, aphunzitsiwa apita kwawo tsiku lomwelo. Atsibweni akhulupirira, n'chifukwa chake akutumirani mawu. Musawakwiyire. Sagona, akuti manja awo ndiwo adakutumula chitenje, ndipo akuti n'zamanyazi kuti mkamwini afere mlandu wa eni mbumba.

Koma bambo a Rute adandikokera pafupi n'kundinong'oneza kuti ndikuuzeni musayerekeze. Ati mafunso onse amene akuwafunsa si a inu ayi, ndi a a Timoteyo: amagona kuti, amadya ndi yani, ndani amabwera kudzamvera mukamaimba kuhotela. Ati iwo sadziwa kanthu, ndiye ngakhale awamenye bwanji palibe chimene chingatuluke. Koma inu mukudziwa zonse, ndipo thupi ndi thupi, mudzanena. Ati mukabwera, ndende idzangolandira anthu awiri m'malo mwa mmodzi, ndi enanso kumeneko adzapezeka m'mavuto. Adandikumbutsa za munthu wa ku Chongoni uja adabwera kuchokera ku Zambia kudzaombola mng'ono wake. Mpaka lero mayi wawo amapita kumsewu kukayang'ana mabasi.

Tsopano ndikuuzeni za mumtima mwanga, poti mukapanda kumva kwa ine mudzamva kwa yani? Ndidakukwiyirani. Ndikutuluka muja ndidakutukwanani njira yonse mpaka pa siteji. Ndidati iye ali kunyanja ya mchere akuomba kaliwo wake, anthu akumuombera m'manja, wanga akupuma ndi nthiti imodzi. Ndidati mwa oimba ng'oma onse a m'dziko la Tanzania adasowa wina? Ndidafuna mubwere. Ndidafunadi, Mulungu ndi mboni. Rute akandifunsa kuti adadi abwera liti, ndimaona nkhope yanu n'kumva kuwawa.

Mpaka pano mkwiyowo sunathe wonse, ndisakunamizeni. Koma ndaganiza mofatsa. Mukabwera, ndidzataya mwamuna ndi mlongo yemwe, ndipo zimene adachita bambo a Rute pamulu wa nkhuni paja zidzakhala zopanda pake. Adaimirira kuti wina wa kwathu asalowe m'galimoto ija. Musawalande chimenecho, ndicho chokha chawatsalira.

Ndili muja ndidawafunsa bambo a Rute ngati akunong'oneza bondo. Adaseka, kusekako kudawapweteka. Adati mukawauze alamu kuti wa piyano uja asamutaye, ali ndi dzanja lamanzere labwino, koma wa lipenga amathamanga ngati akuthawa ngongole. Anthu inu a jazi ndinu amisala nonse. Wapolisi uja adanditsina khutu potuluka kuti posachedwa awasamutsira kundende ya kutali, kosaloledwa kuona abale. Mlandu sudzapita kukhoti, ndipo tsiku lotuluka palibe amene akulidziwa.

Chatsala n'ichi. Chikuto adasunga apolisi, koma mbale yeniyeniyo adaibweza kwa a Kenan. Loweruka kuli msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Andiuza kuti ndikaime kutsogolo, ndikaiphwanye ndi manja anga, ndi kunena pamaso pa anthu kuti Anselmo si mbale wanga, sindimudziwa. Ndikakana, ntchito ya kuchipatala yatha, ndipo ine ndiwatsatira bambo a Rute. Nyumba ya sukulu atiuza kale kuti tichokemo mwezi uno. Rute ndimusiyira yani?

Ndidzapita, achimwene. Ndidzavala nsalu ya chipani, ndidzavina ndi amayi anzanga, ndidzaiphwanya. Mawuwo ndidzawanena mokweza kuti a kumbuyo amve, asadzandibwerezetse kawiri. Nkhani imayenda, tsiku lina idzakupezani kumeneko. Ndafuna muimve kwa ine isanafike ndi pakamwa pa ena.

Musayankhe kalatayi. Musatumize ndalama, zovala, ngakhale moni. Mukadzajambula chimbale china, dzina la kwathu musalembepo, ndipo kuno chisafike. Manda a amayi tikusamala ine ndi Agnesi, tadzalapo maluwa, musade nawo nkhawa. Inu mukapereke Misa kumeneko, mutchule amayi, mutchulenso Norbert.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana anu amene sindidawaonepo. Muwauze kuti ali ndi azakhali ku mapiri ozizira. A Timoteyo musawauze zonsezi mwaukali, nawonso adasiya mayi kuno. Ambuye akusungeni, akupatseni mpweya wautali, ndipo Amayi Maria akufunditseni kumene muliko.

Ndine mlongo wanu lero, ndi Loweruka lomwe,

Magadalena