Matini a Keke a Amayi Anga

Aphungu,

Nkhani yanga ioneka ngati yaing'ono, koma yandikhala pamtima. Amayi anga ankaphika makeke ndi masikono n'kumagulitsa pageti la sukulu ndi m'maofesi. Ife tinakulira m'fungo la majarini ndi shuga wopserera. Panopa akalamba, ndipo adokotala akuti ali ndi matenda oiwala. Amakhala kwa achimwene. Ulendo watha nditapita kukawaona anandilandira bwino ndithu, kundipatsa mpando, kenako n'kundifunsa kuti, "Kodi mayi, mwati mwachokera kuti?" Ndinaseka nawo, koma m'basi ndinalira njira yonse.

Mwezi wamawa akubwera kudzakhala kwathu. Matini awo a keke ndili nawo ine, akhala m'katoni pansi pa sinki. Ndikufuna ndidzawaphikire keke yawo ija ya mandimu m'matini omwewo, mwina atailawa angandizindikire, ngakhale kamphindi chabe.

Vuto ndi lakuti matiniwo ndi akuda bii. Mafuta anapsererapo n'kuuma ngati phula, ndipo m'makona mukumata. Ndawaviika m'madzi a sopo, osatheka. Limodzi ndinalikwecha ndi waya wotsukira mapoto mpaka zala kusupuka, langokalikakalika. Alamu anga atawaona anati, "Iii alamu, izi ndi zophikira kapena zitsulo za njinga? Tayani mukagule atsopano, keke ndi keke basi." Bambo akunyumba, poti ndi makaniko, akuti apite nawo kugalaja akawathire mankhwala otsukira injini.

Ndichite bwanji kuti ayere ngati kale? Kapena ndikungodzivuta?

T.N., kuseri kwa depoti ya mabasi

Achemwali,

Simukudzivuta ayi. Koma choyamba, bambo akunyumbawo muwathokoze bwinobwino, matiniwo asapite kugalaja. Mankhwala a injini salowa m'chiwiya chophikira chakudya.

Chitani izi. Thirani madzi owira m'beseni, muikemo sopo wotsukira mbale, muviike matiniwo agone momwemo. Kukacha sakanizani soda wophikira ndi timadzi pang'ono mpaka zilimbe ngati phala, mupake paliponse pali mafuta, makamaka m'makona. Asiyeni choncho, mukagwire ntchito zina. Masana dontheziranipo viniga kapena madzi a mandimu. Pachita thovu, musaope. Kenako tsukani ndi siponji, ndipo m'makona mugwiritse mswachi wakale. Waya uja mumupumitse, chifukwa pomwe wakala m'pomwe keke imakamatirira. Zikapanda kuchoka zonse, bwerezani mawa lake. Mafuta a zaka zambiri sachoka ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Mukatsukuluza, aumitseni mu uvuni wofunda, mupake timafuta pang'ono kuti asachite dzimbiri. Wina akakuuzani za kositiki, kanani. Mankhwala aukali amenewo amadya aluminiyamu, amadyanso manja.

Tsopano, mwati ayere ngati kale. Kale lake liti? Inu munayamba mwawaonapo ali oyera? Ndikukayika. Chotsani chomata ndi chonunkha basi. Kuda kosalala kuja, kumene mukadutsitsa chala sikumata, kusiyeni, ndipo musawongole pomwe panapindika. Mukawanyezimiritsa adzafanana ndi a m'sitolo amene alamu anu akunena, amayi n'kuwaona ngati a eni ake.

Bambo anga anali telala. Chakumapeto kwa moyo wawo ankanditcha "achimwene" nthawi zina, nthawi zina "aphunzitsi". Tsiku lina ndinavula jekete n'kuliika pamiyendo pawo kuti ndimange nsapato. Poweramuka ndinapeza alitembenuza, zala zikuyenda pamsoko. Anati, "Anasoka ndani izi? Ameneyu asamalipidwe." Ndakhala ndikuvala jeketelo mpaka pano ngakhale landithina.

N'chifukwa chake ndikuti keke musaphikiretu. Kulawa n'kwabwino, koma amayi anu sanali odya keke, anali ophika. Akapuma paulendo, akhazikeni patebulo la kukhitchini nthawi ya m'mawa, mutu usanatope. Ikani thini pamiyendo pawo, majarini pafupi, inu muzisefa fulawa chapambali. Musawauze chochita. Ndiponso musawafunse kuti, "Mukundikumbuka?" Funso limenelo limawachititsa mantha ngati mwana woimitsidwa m'kalasi. Afunseni za ntchito: "Amayi, shuga wakwana apa?" "Mandimu ndifinye angati?" Za uvuni ndi mpeni zikhale zanu.

Chenjezo langa ndi ili, achemwali, ndipo ndikulinena mokukondani. Thini si mankhwala. N'kutheka kuti adzaligwira, n'kuliika pambali, n'kufunsa kuti basi yobwerera inyamuka liti. Zikatero musakhumudwe nawo, musadzakhumudwenso ndi matiniwo. Mudzayesenso tsiku lina. N'kuthekanso kuti dzina lanu sadzalitchula konse, ndipo ndi bwino mtima muukonzeretu.

Koma akadzasuzumira m'mbale n'kukukalipirani kuti mwachulutsa fulawa, kuti manja anu ndi olemera, kuti anakuphunzitsani ndani kuphika chonchi, musadziteteze ngakhale pang'ono. Apatseni chikombe, muwasunthire mbale. Amenewo ndi amayi anu, afika.

Aphungu