Nyumba Yathu Ailemba Kuti Bwinja

Achimwene Ulukbek,

Moni wochokera kuno kumzinda wa Bishkek. Muli bwanji kumapiriko? Nanga amayi, bondo lija likuwalola kukama akavalo? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Paja ntchito yanga ndi yokonza tizizindikiro ta pa mapu a pakompyuta: ka mlatho, ka chitsime, ka manda. Itabwera ntchito ya msewu watsopano, abwana anati ndipange tiwiri ta nyumba. Yokhalamo anthu ndinaipatsa kabokosi kofiira, ya bwinja kabokosi kopanda kanthu m'kati. Mpaka anandiyamikira kuti taoneka bwino.

Dzana ndinatsegula mapu a chigawo cha kwathu. Mayo ine! Msewu ukudutsa pakati penipeni pa nyumba yathu, ndipo pamenepo pali kabokosi kopanda kanthu. Oyeza malo anafika inu mutakwera kale ndi ziweto kubusa la m'chilimwe. Anapeza loko pachitseko, udzu pabwalo, basi n'kulemba kuti bwinja. Nyumba ya anthu msewu umailambalala, koma bwinja amangogumula osafunsa mwini.

Ndinayesa kukafiiritsa ndekha. Zinakanika, chifukwa ukasintha mtundu wa kamodzi, mabwinja a boma lonse amafiira limodzi. Ndinabweza msangamsanga.

Ndiye ndinakawadandaulira abwana. Anandiseka, amvekere aliyense muno akamapaka zofiira pa nyumba ya mayi ake, msewu udzapindika ngati matumbo a nkhosa. Ndinawauza kuti kwathu palibe amakhala m'mudzi m'chilimwe, tonse timatsika chisanu chikayandikira. Anati kompyuta siidziwa za chilimwe, chizindikiro chimasintha pokhapokha oyeza malo akaona okha munthu pakhomo. Ndinalirira ku bafa ngati mwana.

Pempho langa ndi limodzi. Anthuwo abwereranso kuchigwa chathu Lachinayi sabata yamawa. Chonde, tsitsani amayi. Utsi utuluke pa denga, zovala ziyanikidwe pa chingwe, galu auwe. Ndikudziwa akana, ati munthu satsika msipu ukadali wobiriwira, anzawo awaseka kuti akalamba. Asekedwe basi. Anyamuleni muwakweze pa kavalo, ngakhale akutukwaneni njira yonse. Foni yanu sikugwira kumeneko, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi dalaivala wa lole ya mkaka.

Oyeza malowo akakapezanso loko, zatha. Abwana anena kale kuti pa mapu opita kwa oyendetsa makatapila mabwinja onse abisidwe, akungodzaza pepala. Wodzadina batani lobisa mabwinjawo ndine, achimwene. Sindikudziwa ngati chala changa chidzalola, koma ndikakana adzadina wina.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Gulzat, kwa amalume, ndi kwa ana. Amayi muwauze kuti adzandikalipire atakhala m'nyumba mwawo.

Ndine mlongo wanu,
Cholponai